Ndalama ya mbatatesi ili m'manja: ndimugulire mota kapena akaphunzire ntchito yamanja?

Malume wa ku Domwe walemba:

Abale anga, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kwa milungu itatu tsopano. Ndine mlimi, ndimakhala kufupi ndi Domwe kuno ku Angónia. Sindine munthu wolembalemba pa foni, ndiye mundipirire ndikatalikitsa.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 23. Bambo ake anamwalira iye ali kalasi 6, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse cha mwanayu chimafikira ine, poti kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Yunifolomu, makope, lendi ya kachipinda ku Ulongwe pamene ankaphunzira sekondale, kathumba ka ufa komwe ndinkamupititsira panjinga mwezi ndi mwezi, zonsezo zinkachokera m'dimba mwanga. Anamaliza décima segunda, kalasi 12 yomaliza ya sekondale, zaka zitatu zapitazo, ndipo anakhoza bwino ndithu. Mayeso olowera ku yunivesite analemba kawiri, dzina lake osatuluka.

Chiyambire pamenepo ntchito yake ndi envulopu. Ali ndi envulopu yakaki momwe muli CV, fotokope ya chitupa cha BI, ya nambala ya msonkho ya NUIT, ya satifiketi, ndi kalata ya registo criminal yosonyeza kuti alibe mlandu, yomwe imatha mphamvu pakangopita miyezi yochepa, ndiye timakalipiranso ina. Ku Moatize, kumene kuli migodi ya malasha, wapitako kanayi. Amakwera minibasi ya chapa m'mamawa, kutsetsereka kudzera pa Mussacama, kukafikira kwa msuweni wake ku Matundo, n'kumayenda geti ndi geti kusiya mapepala kwa alonda. Amabwerako atapsa ndi dzuwa la ku Tete, milomo itang'ambika, m'thumba muli mbee. Foni yoti bwera udzayambe ntchito sinalirepo.

Chimene chandilasa mtima ndi ichi. Tsiku lina mwezi watha ndikuchokera kudimba cha m'ma 10 koloko, matope mpaka m'maondo, ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Shati yosita bwino, nsapato zopolisha, ngati munthu amene akudikira galimoto ya kuntchito. Koma kunalibe kumene ankapita. Atandiona anabisa foni, ndipo ndinadziwa kuti ndi zija zobetcha za mpira. Sindinamukalipire. Ndinangomupatsa moni n'kudutsa, koma nsima tsiku limenelo sinatsike. Mwanayu si waulesi, ndimamudziwa. Ali wamng'ono ankandithandiza kupalira mpaka ndinkachita kumuuza kuti basi kapume. Sukulu ndi imene yamuika m'mutu kuti khasu ndi nyundo ndi za anthu olephera, ndipo ife makolo tinathandizira, chifukwa tinkamuopseza kuti ukapanda kulimbikira udzakhala ngati ine.

Chaka chino mbatatesi zandikomera. Ogula a malole ochokera ku Tete ndi ku Beira anafika mpaka pamsewu wathu, ndipo nditabweza ngongole ya feteleza n'kupatula ya mbewu, ndatsala ndi 75,000 meticais. Ndalamayi ndasungira mwanayu. Vuto n'loti pakhomo sitikumvana.

Mayi ake akuti pali bambo wina amene akudziwana ndi akuluakulu pa kampani ina yogwira ntchito kumigodi, ndipo tikamupatsa 30 mil (30,000 meticais) ya refresco, ndiye kuti chiphuphu, mwanayu alowa mwezi wamawa. Anzake a mwanayu akuti ndimugulire mota, njinga yamoto, azinyamula anthu, poti ndalama yake imabwera tsiku ndi tsiku. Ine mtima wanga uli ku ntchito yamanja, ndipo ndinene chimene chinandifikitsa pamenepo.

M'mwezi wa Ogasiti, mbatatesi zam'dimba zikuchita maluwa, motobomba yanga, pampu ya injini yothiririra, inazima osaliranso. Mudzi wonse, ndi midzi ina itatu yoyandikana nafe, panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kuitsegula. Ndinaimanga pakaliyala mpaka ku Ulongwe. Kwa mmisiri ndinapeza mzere: mamotobomba ena, injini ya chigayo, jenereta ya tchalitchi, mota zosawerengeka. Ndinadikira masiku anayi, uku kunyumba akazi anga ndi ana akuthirira ndi makheni mpaka misana kuuma. Tsiku lachinayi bamboyo anamasula kabuleta, kuitsuka ndi petulo m'kachitini, kupemerera kabowo kena ndi pakamwa, kusintha pulagi, kukoka chingwe kamodzi, injini n'kulira. Ola silinakwane. Ndinalipira 1,200 meticais ndipo ndinathokoza ndi manja awiri. Pobwerera njira yonse ndinkangoganiza kuti mwana wathu akukagwada pa mageti a eni ake kutali uko, pomwe ntchito ina ili pakhomo pathu pomwe ikusowa woigwira.

Nditanena zimenezi mlongo wanga analira. Anati, “Achimwene, ndinagulitsa mbuzi zanga zonse kuti mwana wanga azidzanunkha girizi?” Mawu amenewo ndikuwamvabe m'khutu.

Ndiye inu amene muli ku Tete, ku Moatize, kaya kuno kumtunda, amene mukudya za manja anu, ndiuzeni zoona zokhazokha. Ntchito yamanja ikudyetsadi banja masiku ano, kapena ndangotengeka ndi tsiku limodzi lija? Munthu wa décima segunda ayambire pati, kwa mmisiri pansi pa mtengo kapena ku kosi yokhala ndi pepala? Nanga 75 mil ingatifikitse pati?

Wowotcherera wa ku Matundo wayankha:

Malume, choyambirira, 30 mil ija musapereke. Ndikubwereza, musapereke. Ine ndinaperekapo kale, osati yochuluka choncho, kwa munthu wovala chipewa cha kampani ndi kakhadi kolendewera pakhosi, ndipo nambala yake mpaka lero siipezeka. Olembadi anthu ntchito sakumana nawe kuseri kwa barraca.

Ndili ndi zaka 41, kwathu ndi ku Furancungo, ndipo ndinatsikira kuno mu 2009, nthawi imene mgodi wa ku Moatize unkamangidwa. Amene simunaone nthawi ija simungamvetse. Kachipinda kopanda windo lendi yake inkakwera mwezi ndi mwezi, pa mlatho wa Samora Machel malole ankachita mzere, ndipo tonse tinkaganiza kuti ndalama ya malasha sidzatha. Kampani ya Vale, eni mgodiwo panthawiyo, inayamba kutumiza malasha kunja mu 2011. Ine ndinalowa ngati ajudante, wothandizira amisiri, pa kampani ina yaing'ono yomanga zitsulo. Ntchito yanga inali kunyamula masilinda, kugaya ndi galayinda, kusesa. Ndinaona chinthu chimene chinandipweteka: owotcherera olipidwa bwino ambiri anali ochokera ku Zimbabwe, ku South Africa, ena kutali kwambiri, pomwe ife eni dera tinali onyamula. Sikuti manja athu anali opuwala ayi. Tinalibe luso, tinalibenso pepala losonyeza luso.

Mkulu wina wa ku Zimbabwe anandimvera chisoni. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akagona pamthunzi, iye ankandipatsa tizidutswa ta zitsulo ndi maelekitirodi angapo. Mzere wanga woyamba unali ngati zitosi za nkhuku. Ankaumenya ndi nyundo, n'kuthyoka, osanena kanthu, n'kundipatsa kachitsulo kena. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkadya nkhomaliro nditaimirira.

Ntchito yomanga itatha kontrakiti inathanso. Ichi mwana wanu achidziwe: mgodi umalemba anthu ambiri pomanga, koma ukayamba kukumba umafuna ochepa, odziwa makina. Komanso eni migodi amabwera n'kupita. Rio Tinto inagula kampani ya mgodi wa ku Benga mu 2011 ndi madola oposa mabiliyoni 3, n'kudzagulitsa mu 2014 ndi madola mamiliyoni 50 okha, mtengo wa malasha utagwa. Vale nayo inasiyira kampani ya Vulcan mgodi wake mu 2022. Ngati anthu a mabiliyoni amapakira chonchi, mwana wa mlimi asamange moyo wake wonse pa geti.

Tsiku limene tinalandira makalata otichotsa ntchito tinalipo ambiri. Amene ankagwira mbendera pamsewu ndi olemba mayina pachipata anabwerera kumudzi ndi chikwama chokha. Ine ndinatenga ndalama yanga yomaliza n'kugula kamakina kowotcherera, galayinda, tepi ndi sikweya.

Ntchito yanga yoyamba ndinailakwitsa, ndipo ndikufuna mwana wanu amve bwino pamenepa. Linali geti la mayi wina ku Chingodzi. Ndinathamangira ndalama, sindinayeze kuchoka pangodya ina kufika pangodya inzake mopingasa kuti ndione ngati felemu ili sikweya. Titalimangirira geti silinkatsekeka, pansi linkakhula simenti. Ndikanatha kunamizira womanga zipilala. Ndinalichotsa, kulidula, kugula zitsulo zina za kantoneira ndi ndalama yanga, kulipanganso. Phindu lonse linathera pomwepo, sabata imeneyo tinadyera nsima masamba okhaokha. Koma mayi uja anandibweretsera anansi ake atatu, ndipo mmodzi mwa iwo ndimamugwirira ntchito mpaka lero. Kuno ku Tete mmisiri satsatsa pa wailesi. Geti lako likamatsekeka bwino chaka ndi chaka, anthu odutsa amafunsa okha kuti anapanga ndani.

Sindikunamizani kuti ndine wolemera. Januwale ndi Febuluwale ntchito imachepa, anthu ndalama zili ku sukulu ndi ku feteleza. Credelec, magetsi olipiriratu aja, imadya. Alipo makasitomala opereka theka n'kusowa, magiradi awo a m'mawindo akuchita dzimbiri kuseri kwa shedi. Mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, iwe uli mu ovololo pafupi ndi moto. Ndipo usiku woyamba umene maso ako adzapse chifukwa chowotcherera wopanda chophimba kumaso, udzamva ngati wina wakuthira mchenga, misozi ili chuchuchu mpaka kucha. Choncho chophimba kumaso chenicheni n'choyamba kugula, osati magalasi adzuwa a pamsika. Komabe nyumba ya mabuloko ndamanga, ana anga atatu ali pasukulu, ndipo anyamata atatu amadya kuchokera mu shedi yanga.

Funso lanu loti pepala kapena mmisiri, ine ndikuti zonse ziwiri. Popanda pepala kampani sikuyesa n'komwe, koma popanda zaka za pa benchi sutha sabata. Ndalama musaitulutse yonse nthawi imodzi. Patulani 25 mil muibise, idzakhala ya zida akadzatha chaka akuphunzira. Zida musamugulire tsopano. Munthu amene sanavutikire sipanala amaigulitsa tsiku limene foni yafuna megabayiti.

Wa mota pa Ulongwe wayankha:

Akuluakulu, ndilankhuleko ine wa mota, poti nthawi zambiri mumatinena ngati tikusewera.

Ndili ndi zaka 26, décima segunda ndili nayo inenso. Mota yandidyetsa zaka zinayi, yandikwatitsa, mkazi wanga atadwala pobereka ndi mota yomweyi imene inalipira zonse. Ndiye musaipeputse.

Za kwa mmisiri zimene mukutamazo ine ndinaziyesa ndisanagwire mota. Ndinakhala miyezi 8 kwa kalipentala wina. Ntchito yanga inali kukwecha matabwa ndi sandipepa, kukagula fodya, kukatungira madzi akazi awo. Randa sanandigwiritsepo ndi tsiku limodzi lomwe. Akamalemba miyezo ankanditumiza kumsika. Ndalama ya sopo, ng'o. Ndinachoka ndikudziwa kukwecha basi. Achimwene a ku Matundo anachita mwayi kupeza munthu wamtima, koma amisiri ambiri amaopa kuti akakuphunzitsa udzawalanda makasitomala. Zimenezinso muzizinena. Mnyamata wa zaka 23 sangakhale chaka chathunthu akupempha 20 meticais ya sopo kwa mayi ake, amathawa.

Koma poti mwati zoona zokhazokha, ndinenenso za mota. Pamene ndinkayamba, pamalo pathu poimikapo tinalipo ngati khumi. Lero tikupitirira 30, ndipo munthu mmodzi akatsika chapa timamuthamangira tonse ngati nkhuku pa chimanga. Petulo wakwera kangapo, koma ukamuuza kasitomala mtengo watsopano amangopita kwa mnzako. Nthawi yamvula misewu ya kumidzi ndi phala, tsiku limatha wagwa kawiri. Mnzanga wina ali ndi chitsulo m'mwendo. Wina anamulanda mota usiku, anthu amene anawanyamula yekha. Ndipo 75 mil yanu ikhoza kuthera pa mota yokha, musanaganize za laisensi, zipewa ndi mapepala. Tayala likaphulika sabata yoyamba abwereranso kwa inu.

Chinanso ndachiona nditakhala pa benchi kudikira mota yanga. Ndalama imene ndimapeza, gawo ndi la petulo, gawo ndi la makanika. Tcheni, mabuleki, oyilo, kalachi, mwezi sutha osapitako. Ife tikachuluka timalandana makasitomala, koma makanika tikachuluka ife ndiye amasangalala, ndipo mvula simunyowetsa. Ndikanakhala ndi malume ngati inu nthawi ija, ndikanapempha kuti andilipirire kwa makanika wabwino n'kumandipatsa kangachepe ka m'thumba. Kangachepeko musakaiwale, malume. Ndi kamene kadzamusunge pa benchi.

Mayi telala wa pa Zóbuè wayankha:

Bambo a ku Domwe, ine ndilankhule za mlongo wanu, chifukwa abambo onse pano amudumpha.

Mayiyo sakudana ndi girizi ayi. Akuopa pakamwa pa anthu. Zaka zonsezi akamapita kuchigayo anzake ankamuuza kuti mwana wanu uja adzakutulutsani m'nyumba yaudzu, ndipo iye ankayenda mutu uli m'mwamba ngakhale chitenje chili chong'ambika. Lero mukumuuza kuti mwana yemweyo akagone pansi pa mota. Musamutsutse ndi mawu, mungomupweteka. Mutengeni tsiku la msika mupite naye kwa mmisiri uja anakonza motobomba yanu. Akaone yekha anthu atakhala pamzere ndalama zili m'manja, akaone nyumba yake, akacheze ndi mkazi wake. Ife amayi timakhulupirira zimene taona kukhitchini kwa mnzathu.

Ine kusoka ndinaphunzirira ku Mwanza nthawi ya nkhondo, tili othawa kwathu. Mtendere utabwera mu 1992 tinadikira pang'ono, kenako tinabwerera, ine nditasenza makina apamanja pamutu, mwana kumsana. Munda tinaupeza uli tchire, nyumba kulibe. Makina aja ndi amene anatidyetsa chaka choyamba, kusoka zigamba posinthana ndi chimanga. Ana asanu ndalera ndi singano, mmodzi lero ndi namwino. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ine sukulu inandiipira, nyimbo yanga inakhala makina.

Koma muuzeni mlongo wanu kuti mbuzi zake sizinapite pachabe. Ine ndinalekeza kalasi 4. Chaka china ndinalandira oda ya mayunifolomu ambiri, ndinalephera kuwerengera bwino nsalu, ulusi, mabatani ndi zipi, n'kutchula mtengo wotsika. Ndinasoka milungu itatu usiku ndi nyali, pomaliza ndinapeza kuti ndagwirira ntchito yaulere. Mwana wa décima segunda zimenezo sizingamuchitikire. Adziwa kulemba mtengo papepala m'Chipwitikizi chabwino, kuwerenga kabuku kobwera ndi makina, kusunga kaundula wa ngongole. Amisiri ambiri manja ali nawo, chimene chimawagwetsa ndi cholembera.

Za mwana wa mota uja zandikhudza, ndipo wanena zoona. Mankhwala ake ndi oti musamangomusiya mwana kwa mmisiri ngati mbuzi yoweta. Pitani ndi mboni, nkhuku m'manja, mukhale pansi mugwirizane kuti pofika mwezi wakuti akhale atadziwa chakuti. Inu muzipitako mwadzidzidzi kukaona chimene chili m'manja mwake, sipanala kapena chidebe cha madzi. Ine atsikana anga ndimawauza tsiku loyamba kuti mwezi woyamba ndi mabatani ndi mipendero, wachitatu akhala pa makina, wachisanu ndi chimodzi agwira sizasi. Ndipo poti ndatchula atsikana, kumidzi kwanuko aliponso ambiri amene anamaliza sukulu akungodikira banja. Iwo malume awo ali kuti?

Wamagetsi wa ku Chingodzi wayankha:

Moni malume. Ine ndine mkazi, zaka 29, ndimalumikiza magetsi m'nyumba kuno mumzinda wa Tete. Ndinachita kosi ya electricidade instaladora ku sukulu ya ntchito zamanja ya IFPELAC, kenako estágio yophunzirira pantchito, kenako zaka ziwiri ndikunyamulira makwerero bambo wina amene anandiphunzitsa zimene kosi sinafikepo.

Malo ophunzirira alipo. IFPELAC ndi ya boma ndipo makosi ake ndi a miyezi, osati zaka. Ku Matundo kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Dom Bosco. Ku Moatize kuli Instituto Médio de Geologia e Minas ngati mtima wake ulidi ku migodi, koma kumeneko ndi zaka. Pitani nokha ku secretaria, ofesi ya sukulu, mukafunse tsiku lolembetsa ndi malipiro, ndipo ndalama muzilipira kumene akukupatsani lisiti. Mukapemphenso kuona chipinda chochitira ntchito. Muwerenge mabenchi, muwerenge ophunzira. Kosi imene mwana amangokopera zapabolodi osagwira waya ndi décima segunda ina.

Chifukwa chimene ndinasankhira magetsi n'chakuti tikukhala pa gwero lake. Cahora Bassa ku Songo imatulutsa mamegawati 2,075, ngakhale ambiri amagulitsidwa ku South Africa. Boma linaika cholinga choti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo mapolo akulowa m'madera amene kale kunali nyali zokha. EDM, kampani ya magetsi, imafikitsa waya pa mita basi. Kuchokera pamenepo, masoketi, maswitchi, bokosi la madisjuntor odula magetsi pakavuta, waya wapansi, zonsezo ndi za munthu ngati ine, nyumba ndi nyumba. Kumene mapolo sanafike kuli sola, ndipo kwanu kumadimba mapampu a sola ayamba kulowa. Kuno kumzinda onjezani mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba. Ndi kutentha kwa Novembala, mayi wogulitsa madzi oundana firiji yake ikafa amakuimbira usiku, mtengo osanenerera.

Gawo lalikulu la ntchito yanga ndi kukonza zimene ena anaononga. Sabata yatha ndinatsegula soketi ya firiji m'nyumba ina, ndinapeza kawaya kopyapyala koyenera mababu, kolumikiza ndi pepala la pulasitiki m'malo mwa tepi, pulasitiki yasungunuka, khoma lada. Ana amagona chipinda chomwecho. Anachita zimenezi ndi munthu amene anaonerera mnzake masiku awiri n'kudzitcha wamagetsi. Choncho mwana wanu asathamangire kudziimira payekha. Ena akandiona ndikutsika txopela, takisi ya matayala atatu ija, ndi chikwama cha zida amafunsa kuti mmisiri abwera nthawi yanji. Ndimangokwera makwerero. Ndikamaliza ndimawaonetsa chilichonse ndi tesita, ndipo nambala yanga amaisunga.

Koma malume, pepani ndikufunseni. M'nkhani yanu ndamva maganizo a mayi ake, a anzake, ndi anu. Ake sindinawamve. Munamufunsa?

Malume wa ku Domwe wayankha:

Zikomo nonse. Ndakhala chete masiku asanu ndi limodzi chifukwa funso la mwana wanga wa ku Chingodzi linandikhazika pansi. Zoona, sindinamufunsepo. Zaka zitatu takhala tikukambirana za iye ali kuseri kwa nyumba.

Lachinayi ndinamuuza kuti andithandize kunyamula motobomba kupita kudimba. Titaitchera, madzi akuyenda m'mizere, tinakhala pamlambala ndipo ndinamufunsa kuti iweyo mtima wako ukufuna chiyani. Anakhala nthawi yaitali akuthyola udzu. Kenako anati, “Malume, sola ya kwa aphunzitsi ija ndinakonza ndine.” Ine osadziwa. Akuti batire silinkasunga moto, iye anaonera mavidiyo pa YouTube, n'kupeza kuti kabokosi koyang'anira moto analumikiza molakwika. Akuti wakonzanso za nyumba zina ziwiri, ndi wailesi ya agogo ake, koma ankabisa poopa kuti tinena kuti akusewera ndi mawaya m'malo mofuna ntchito. Zobetcha sanakane, wati anayamba chifukwa cha manyazi opempha ndalama ya sopo. Achimwene a mota, mawu anu aja ndinawakumbukira pomwepo.

Bambo wa 30 mil ndinakumana naye mlongo wanga ali pomwepo. Nditamuuza kuti sitipereka, osaphethira n'komwe anati ndiye bweretsani 15. Mlongo wanga anandiyang'ana. Panjira sanalankhule.

Sindinganene kuti wavomera. Amayi a pa Zóbuè, ndinachita monga munanenera, tinapita naye kwa mmisiri uja tsiku la msika. Anakhala pampando wa matabwa pafupifupi ola akuona anthu akulipira, anacheza ndi mkazi wake, koma pobwerera anangoti, “Manja ake aja sayeranso.” Komabe dzulo ndinamupeza akusoka thalauza lakale la mwanayu, ndipo anandifunsa kuti ku Tete azikadya chiyani.

Tagwirizana ndi mmisiriyo, pamaso pa mkulu wa mpingo wathu, kuti podikira kosi mwanayu azipita masiku atatu pa sabata kukaphunzira za mapampu ndi majenereta, ine ndizimupatsa ya sopo ndi ya nkhomaliro. Wayamba Lachisanu, ndipo anabwerako chala chili chomanga ndi kansanza. 25 mil ndapereka kwa akazi anga, iwo ndalama sailola kutuluka wamba.

Lolemba titsikira ku Tete ndi chapa yoyamba, ine ndi iye, kukafunsa za kosi yamagetsi. Ndinyamula thumba la mbatatesi ndi nyemba za kwa msuweni wake. Achimwene a ku Matundo, mungatilole tidutse pa shedi yanu masana, mwanayu adzamve nkhani ya geti ija kuchokera pakamwa panu? Ndipo inu a ku Chingodzi, kupatula BI, NUIT ndi satifiketi, tinyamulenso chiyani kuti tisakabwezedwe?